Tambula ya Mlendo ndi Tambula ya Mwini Nyumba

 Nkhani imene ndadza nayo ndi yochepa pamaso pa anthu, yosayenera kuimbira ng'oma kapena kuitanira nyakwawa kubwalo, pakuti ndifuna tikambe za matambula omwera, momwe munthu angawasankhire pogula ndi momwe angakhalire nawo. Koma iye amene anasungapo nyumba adziwa kuti ndalama zambiri za pabanja zithera m'tinthu totere, togulidwa ndi maso tsiku limodzi n'kumadandaulitsa zaka zambiri.

Lowani m'nyumba za ku Ndirande, za ku Kawale, za ku Chipata kapena za ku Tete, ndipo m'chipinda chochezera mudzapeza kabati ya zitseko zagalasi, yokhoma ndi kiyi, m'mene mwandandalikidwa matambula okongola, ena aatali, ena amwendo, ena a mkombero wagolide, onsewo akudikira mlendo wolemekezeka amene tsiku la kudza kwake silidziwika. Pamene mwini nyumba, amene anakhetsa thukuta kuti awapeze, pamodzi ndi mkazi wake ndi ana ake, amwera m'makapu apulasitiki osuluka, okalikakalika, amene fungo la sopo ndi la Sobo wa dzana silichokamo ngakhale atsukidwe chotani. Sindinyoza ulemu wochitira alendo ayi, pakuti mlendo ndi mame, ndipo womlandira ndi chikho chosasamalika adzichotsa yekha ulemu. Chimene ndikana n'chakuti nyumba igule chiwiya chimene eni ake achiopa. Tambula yoyenera kutayirapo ndalama ndi imene ana angamwere Lolemba m'mawa mtima wa amayi awo osagunda, ndipo yomweyo n'kuikidwa pathileyi Lamlungu masana abusa akabwera, popanda wochita manyazi.

Manthawa ndi akale kuposa ife. Makolo athu ankatunga madzi mumtsuko ndi chikho, thobwa ndi mowa ankamwera m'chipanda, zonse zokolola m'munda, zoti zikasweka chaka chamawa nthaka idzabala zina. Koma galasi linafika m'dziko la Amaravi ngati chuma cha mafumu, pakuti ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yagalasi yochuluka pamodzi ndi mapale a mbale za ku China, katundu amene amalonda ankakwera naye kuchokera kunyanja yamchere kudzafuna minyanga. Kumaiko ena kunalinso motero. Buku la Yobu, pofuna kutchula zinthu za mtengo wapatali zimene sizingagule nzeru, liika galasi pambali pa golide. Luso louzira mpweya m'galasi losungunuka kudzera mumpope wachitsulo linayambira cha ku Syria zaka makumi angapo Ambuye asanabadwe. Ndipo mu 1291 akuluakulu a mzinda wa Venice, poopa kuti ng'anjo zingayatse mzinda wawo, anasamutsira amisiri onse a galasi pachilumba cha Murano, nawaletsa kutuluka m'dzikomo kuti chinsinsi cha ntchito yawo chisamveke kwina. Lero makina asakaniza mchenga, soda ndi laimu, nazisungunula pa moto wa madigiri pafupifupi 1,500, natulutsa matambula zikwizikwi pa tsiku, kotero kuti tambula yabwino mtengo wake sufika pa wa nkhuku. Mtengo unatsika kalekale, koma kiyi wa kabati akali m'thumba la amayi.

Tsono wofuna kugula ayambe wadziwa kuti magalasi, ngakhale aoneka ofanana pamaso, sali a mtundu umodzi. Matambula ochuluka a m'misika yathu ndi a galasi wamba, ndipo pa madzi ozizira ndi zakumwa za m'botolo alibe chifukwa; mdani wawo ndi kutentha kodzidzimutsa. Ambiri ayesa kuti tambula yochindikala ndiyo yopirira tiyi wamoto, pamene zoona zake n'zosiyana: mukathira madzi owira m'tambula yochindikala m'mawa wa mwezi wa Juni, mkati mwake mufutukuka msanga kunja kukali kozizira, mbali ziwirizo zikokana, ndipo mumva kuti the! mng'alu watsika kuyambira kukamwa kufikira pansi. Yopyapyala ipirirako chifukwa kutentha kuidutsa mwamsanga, koma ndiyo yosachedwa kusweka m'beseni.

Pa chifukwa chimenechi, pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, mtima wanga uli pa galasi lokhwimitsidwa. Amisiri atenga tambula youmbidwa kale, naitenthanso kupitirira madigiri 600, naiziziritsa mwadzidzidzi ndi mphepo yamphamvu, kotero kuti khungu lake liuma moyamba n'kuthina mkati mwake kolimba. Tambula yotere ikagwa pasimenti kawirikawiri ingodumpha n'kugubuduka, ndipo tiyi wamoto iulandira osadandaula. A ku France ndiwo anatchukitsa luso limeneli pa ziwiya za patebulo. Dzina la Duralex, la fakitale ya ku La Chapelle-Saint-Mesmin pafupi ndi mzinda wa Orléans, lilipo kuyambira 1945, ndipo mibadwo ya ana a sukulu m'dzikomo yakula ikumwera m'matambula amenewa m'zipinda zodyera, kumene chiwiya chofooka sichikadatha sabata; aliponso a Arcoroc, a ku Arques kumpoto kwa dziko lomwelo, amene eni malo odyera awakonda. Tembenuzani tambula muwerenge pansi pake, kapena muyang'ane pakatoni mawu akuti tempered kapena trempé. Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, kuti mungadzakhumudwe: tsiku limene tambula yotere idzasweka, pakuti palibe chiwiya chosatha, siidzang'aluka pawiri ayi, idzaphulika yonse n'kusanduka tizidutswa tonga mchere wamiyala, tosatema kwambiri koma tomwazikira kutali, ndipo nthawi zina, ngati inabenthuka pang'ono masiku apitawo, itha kuphulika yokha usiku ili m'kabati popanda woikhudza. Zikatero, abale anga, musayang'ane apongozi ndi diso lofiira kapena kulawirira kwa sing'anga. Ndi mphamvu imene inamangidwa m'ng'anjo muja yapeza potulukira.

Liliponso galasi lopepuka losaopa moto, lothiridwa mankhwala a boron, limene Otto Schott anakonza ku Jena m'dziko la Germany m'zaka za m'ma 1880, ndipo linadziwika m'makhitchini ndi dzina la Pyrex kuyambira 1915. Ndi labwino kwa okonda kuona mtundu wa tiyi wawo wa ku Thyolo, koma kugwa silipirira.

Tifike tsopano pa krustalo, amene maso a akwati ambiri amsirira. Mu 1674 George Ravenscroft wa ku London analandira chilolezo cha mfumu chopanga galasi la mtundu watsopano, limene pambuyo pake anawonjezeramo mtovu. Ndipo mtovuwo ndiwo upatsa krustalo kulemera kwake, kunyezimira kwake pa nyali, kufewa kolola mmisiri kuzokota maluwa, ndi kulira kuja kotalika mukamgogoda ndi chikhadabo. Malamulo a ku Ulaya salola chiwiya kutchedwa krustalo wamtovu ngati mankhwala a mtovuwo sakwana magawo 24 pa 100 alionse. Kukongola kwake sinditsutsa, ndipo amene analandira matambula a ku Bohemia kapena a ku Waterford ngati cholowa awasunge ndi kunyadira. Koma mtovu ndi chiphe chosanunkha, chosawawa pa lilime, chimene chiunjikana m'thupi pang'onopang'ono n'kuwononga makamaka ubongo wa ana. Ndipo chakumwa chowawasa kapena chaukali chikakhalitsa mu krustalo chisungunulako mtovuwo. Kumwera vinyo pa chakudya chimodzi cha Khirisimasi si nkhani yoti munthu asowe nayo tulo, koma kusunga burande milungu yambiri m'botolo lozokota la krustalo, kapena kupatsiramo mwana ndi mayi woyembekezera madzi a malalanje tsiku ndi tsiku, kumeneko ndiko kuputa. Masiku ano ambiri apanga krustalo wopanda mtovu, wowala ndithu, ndipo alemba zimenezi pakatoni; wogula mwatsopano asankhe ameneyo.

Chenjezo lomwelo ligwira matambula opakidwa utoto, a maluwa ofiira ndi achikasu, a zithunzi za zidole zokopa ana. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Utoto wina wowotchera pagalasi ukhala ndi mtovu kapena chitsulo china choipa chotchedwa cadmium, ndipo mu 2010 kampani ya McDonald's ku America inaitanitsa matambula 12 miliyoni a zithunzi za Shrek kuti abwezedwe, chifukwa chitsulo chimenechi chinapezeka mu utoto wake. Ngati izi zinachitika kumene oyeza katundu ali ochuluka, nanga katoni yopanda dzina la woipanga, yogulidwa pambali pa msewu, tidzaikhulupirira bwanji? Utoto usafike pamene mlomo ukhudza, usakhale mkati, ndipo ukayamba kusuluka kapena kukanganuka tambulayo ipatsidwe ntchito yosunga maluwa.

Mukafika m'sitolo musachite manyazi kupempha kuti akutsegulireni katoni, pakuti safunsa anadya phula. Yendetsani chala pang'onopang'ono pamkombero wa tambula iliyonse, mumve ngati pali pokala kapena pobenthuka. Iimikeni patebulo muone ngati siipendama kapena kugwedera. Ikwezeni kumene kuli kuwala muyang'ane ming'alu yobisika pansi pake. Kenaka chitani chimene ogula ambiri achiiwala, chimene kwa ine chiposa zonsezi: lowetsani dzanja mkati mwake. Tambula imene zala za woitsuka sizifika pansi pake idzakhala ndi litsiro pansipo masiku ake onse, ndipo Malemba omwe anadzudzula kale anthu oyeretsa chikho kunja kokha. Kumbukirani kuti wosankha m'sitolo kawirikawiri sakhala amene adzagwada pa beseni madzulo, ndi sopo m'manja, magetsi atathima.

Pa kukula kwake, ya mamililita 250 kufika 300 ikwanira wamkulu ndi wamng'ono yemwe, ndipo yoti pansi pachepa kukamwa n'kutambalala pang'ono igwirika bwino ndiponso ilola kusanjikiza, chimene ndi dalitso m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Katoni zambiri zikhala ndi matambula 6, chiwerengero choyenera mabanja a kumene katoniyo inachokera, kumene mlendo ayamba wapangana tsiku; kwathu kuno, kumene atsibweni angafike ndi anthu anayi nthawi ya nkhomaliro osatuma mthenga, 12 a mtundu umodzi ndiwo apatsa mtendere. Ndanena dala kuti a mtundu umodzi, ndiponso wamba, wosazokota, wopezeka chaka ndi chaka. Chifukwa matambula a maonekedwe achilendo, awiri akasweka, otsalawo asanduka amasiye, osapezeka anzawo m'sitolo iliyonse, pamene wamba muwonjezera awiriawiri malipiro akafika. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Funso lina loyenera kudzifunsa munthu asanatulutse ndalama n'lakuti, kodi m'nyumba muno timwa chiyani? Pakuti ndaona nyumba za akulu a mpingo, m'mene vinyo sanalowemo chimangire, zili ndi matambula a vinyo a mitundu itatu, koma zopanda chomwera thobwa. Thobwatu ali ndi khalidwe lake: ndi wolemera, nsenga za chimera zithamangira pansi, ndipo womwa ayenera kumamzunguza kuti zokomazo zisatsale, afuna chomwera chachikulu, chotambalala kukamwa, chosapanikiza pansi, ndipo kunena zoona palibe mmisiri wa ku Ulaya amene anaumba chomwera thobwa choposa chipanda. Wosafuna chipanda patebulo lake agule tambula yaikulu yachigwiriro, ya theka la lita, imene idzatumikiranso maheu. Yomweyo ikwanira mowa wa m'botolo kwa amene amwa. Ngakhale mowa wa Carlsberg wakhala ukufululidwa ku Blantyre kuyambira 1968, m'fakitale imene inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, ambiri aumwerabe m'botolo, ndipo wothira m'tambula adabwa kuona thovu likutha asanakhale pansi. Cholakwa si mowawo koma mafuta: kadontho ka mafuta a ndiwo kapena a pamlomo kakakhala pagalasi, thovu lifa pomwepo, ndipo timathovu tikamakakamira m'mbali mwa tambula ndi umboni wakuti sinayere.

Matambula amwendo ndiwo asokoneza anthu koposa. Mwendowo suli wokometsera chabe. Ntchito yake n'njakuti dzanja, limene ndi lofunda, lisakumbatire chakumwa chofuna kuzizira, ndiponso kuti zala zonona ndi nyama zisadetse mimba ya tambula. Mimbayo itambalala pakati n'kufunya kukamwa kuti fungo la vinyo lisonkhane pamwamba lisanafike kumphuno. Chotero sathira modzaza ngati madzi, koma gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mlendo wothiriridwa motero asayese kuti amumana. Mu 1973 Claus Riedel wa ku Kufstein m'dziko la Austria anatulutsa matambula osiyanasiyana, mtundu uliwonse wa vinyo ndi yakeyake, ndipo kuyambira pamenepo amalonda akhala akulalikira kuti nyumba yolongosoka ifuna ina ya vinyo wofiira, ina ya woyera, ina ya wotsekemera. Ine ndiona kuti uthenga umenewu upindulira wogulitsa koposa wakumwa. Akatswiri olawa vinyo, amene malipiro awo ali pa lilime ndi mphuno, ali ndi tambula imodzi yokha yovomerezeka m'maiko onse kuyambira 1977, yaing'ono, ya mamililita pafupifupi 215, ndipo m'menemo ayeza vinyo wa mitundu yonse. Ngati iwo akhutira ndi imodzi, nyumba imene itsegula botolo la ku Stellenbosch, kapena vinyo wa zipatso wa Linga wa ku Lilongwe, pa Khirisimasi ndi pa chinkhoswe, isowanji ndi mitundu inayi? Tengani mtundu umodzi wapakatikati, wa mamililita 300 kapena 350, wa mwendo waufupi ndi phazi lotambalala lofanana ndi mimba yake, kuti chigongono cha mlendo chisaugwetse. Ndipo musanapite kusitolo pimani ndi kachingwe kutalika kwa shelefu ya kabati yanu, pakuti ambiri anafika nawo kunyumba n'kupeza kuti saimamo. Osamwa vinyo adzathiramo madzi a mphesa kapena a malambe pa tsiku la chikondwerero, ndipo adzakoma chimodzimodzi.

Musakopeke ndi zimatambula zikuluzikulu za masiku ano. Ofufuza a pa yunivesite ya Cambridge anapima matambula a vinyo a ku England a mibadwo yosiyanasiyana, napeza kuti cha m'ma 1700 tambula imodzi inkalowa mamililita 66, pamene pofika 2017 inali itafika pa 449. Botolo la mamililita 750 likwanira anthu 6 mukathira 125 aliyense. Koma m'chitambula chachikulu muyeso umenewu uoneka ngati chipongwe, dzanja liwonjezera lokha, ndipo botolo litha alendo ena asanalawe. Za shampeni ndingoti, tambula yaitali yopyapyala isunga timathovu nthawi yotalikirapo kuposa yophwatalala, koma ndi yovuta kutsuka ndi yosachedwa kugwa. Pa ukwati bwerekani kwa okongoletsa holo, musagule za tsiku limodzi.

Amene mtima wake ufunabe chinthu cha manja a munthu, chosiyana ndi cha makina, sayenera kuyang'ana ku Ulaya kokha. Ku Ngwenya m'dziko la Eswatini, pafupi ndi malire a South Africa, amisiri asungunula mabotolo akale otoledwa m'dzikomo, nauzira ndi pakamwa matambula olemera bwino, a mwendo ndi opanda mwendo, ndipo abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg angathe kuwapeza. Pa matambula otere kathovu kotsekeredwa mkati mwa galasi, kapena kusiyana pang'ono kwa msinkhu, si chilema. Ndi chizindikiro chakuti panadutsa mpweya wa munthu.

Kusamala kwake n'kosavuta, koma kufuna mwambo. Matambula atsukidwe poyamba, madzi akali oyera, mbale za ndiwo ndi mapoto zisanalowe m'beseni, ndipo alowe imodziimodzi, pakuti ambiri asweka pogundana okhaokha pansi pa thovu. Mchenga, phulusa ndi waya wokwechera mapoto zisayandikire galasi, chifukwa zilikanda, ndipo pokandika mpamene mng'alu udzayambira. Madzi a pamjigo m'madera ena asiya nkhungu yoyera imene sopo saichotsa. Imeneyo ndi laimu wa m'madzimo, ndipo vinega pang'ono kapena madzi a mandimu aisungunula. Popukuta tambula yamwendo musagwire phazi ndi dzanja limodzi n'kumapotoza mimba ndi linalo, pakuti mwendo uthyoka pomwe ulumikizana ndi mimba. Fukatani mimbayo m'dzanja ndi nsalu yopanda ubweya. Pathandala vundikirani kuti madzi akhe, koma m'kabati yotseka, m'mene fumbi ndi mphemvu sizilowa, amwendo aime ndi mapazi awo, chifukwa mkombero ndiwo malo ofooka. Awiri akakanirirana posanjikiza musalimbane nawo: thirani madzi ozizira m'yamkati, muviike yakunja m'madzi ofunda, ndipo adzalekana okha.

Tambula yobenthuka kukamwa ichotsedwe tsiku lomwelo, ngakhale ikhale ya ukwati, pakuti itema mlomo ndipo pobenthukapo sipayera. Ikaphwanyika, ana ayambe atuluka, wosesa avale nsapato, ndipo tizidutswa tosaoneka atitole ndi pepala lonyowa, osati ndi nsalu imene idzapukutanso mbale. Mwana woswa tambula asakwapulidwe, pakuti woopa chikwapu adzabisa zoswekazo kuseri kwa nyumba kumene anzake asewera. Wazaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi apatsidwe yakeyake yaing'ono, yokhwimitsidwa, aphunzire kuigwira ndi manja awiri atakhala pansi. Zoswekazo zisatayidwe kudzala la manyowa kapena m'munda, chifukwa galasi siliola, ndipo lidzadikira zaka khumi phazi la wolima. Kumudzi zikwiriridwe m'dzenje lakuya lapadera, ndipo m'tauni zikulungidwe m'nyuzipepala zingapo n'kumangidwa ndi chingwe zisanalowe m'bini, pakuti onyamula zinyalala ambiri agwira ntchitoyo ndi manja opanda chovala.